Matepi Khumi ndi Awiri a Ba Mailesi

Fungo ndilo linayamba kumulonjera Thelma, anthu anabwera pambuyo. Anachoka ku Lusaka m'mamawa, chikwama cha zida chili pamiyendo, ndipo pamene galimoto ya kampani yawo inkapatuka mumsewu waukulu kulowera ku ofesi ya bungwe lina la zaumoyo ku Rufunsa, iye anaganiza kuti m'tchire mwafera galu. Galu wake uti! Fungolo linkachokera m'kachipinda ka makina, komwe iyeyo anaitanidwira.

Bungwelo linkayendetsa chipatala cha pagalimoto, kuyambira ku Chinyunyu mpaka kutsetserekera ku Shikabeta. Mayina a odwala zikwi zinayi, mankhwala amene aliyense ankamwa, ndi tsiku loti adzabwerenso, zonse zinkasungidwa m'kachipinda kameneka. Munali kompyuta yaikulu imodzi yotchedwa seva, yoyendera pulogalamu ya Linux, bokosi lalikulu la madisiki lolumikizidwa ku sevayo ndi nthambo ziwiri, ndi makina a tepi okoperamo zonse Lachisanu lililonse, kuti madisiki akadzafa zinthu zidzapezeke pa tepi. Amene analumikiza zonsezi anali Thelma yemweyu, zaka zitatu zapitazo atangolembedwa kumene ntchito, ndipo ankakonda kuitchula ntchito imeneyi anzake akamadzitama.

Koma vuto la kachipindaka linali loti n'kokhako kozizira pa ofesi yonse. Ku Rufunsa mu Okutobala, munthu ukapeza pozizira sufunsa kuti anapakonzera yani. Anthu anayamba ndi mabotolo a madzi akumwa. Kenako mkaka. Kenako nsomba za ku mlatho wa Luangwa. Pomaliza, mkulu wa ofesiyo, ba Cephas, anagula mbuzi ku Chinyunyu ya ukwati wa mlamu wawo, naiduladula, naiika m'beseni long'aluka pansi, nalikhazika pamwamba penipeni pa bokosi la madisiki. Anthu anapita kukapuma pa tchuthi cha tsiku la Ufulu, magetsi nawo anapita, ndipo anatha masiku atatu osabwera. Magetsiwo atabwera anapeza magazi a mbuzi atadontha kale kudzera m'timabowo ta mpweya, ndiye bokosilo linangoti phu! utsi.

Ba Cephas anamulandira Thelma pakhomo, kampango kali pamphuno.

"Ba enjiniya, mwabwela bwino. Ni ka problem kang'ono chabe, tumadzi tunangena mu mashini."

Thelma anatsegula chitseko. Ntchentche zobiriwira zinamuwomba kumaso. Beseni anali atalichotsa, inde, koma zimene linasiya zinali pomwepo, zikuyendayenda pa chitsulo.

"Aya ni madzi, ba Cephas? Madzi ya ku Rufunsa yamakwawa?"

Bamboyo anangoseka kaseko ka manyazi, nanena kuti ali ndi foni yoti aimbe.

Thelma anavala mapulasitiki m'manja nayamba kusolola madisiki imodziimodzi. Yoyamba inatuluka yonata. Yachitatu inatuluka ndi mphutsi zonenepa, zoyera mbuu, zina zitapsera pomwepo ngati mpunga wopserera pansi pa poto. Atafika pa yachisanu anathamangira kuseri kwa nyumba nasanza tiyi yense wam'mawa. Mseru unali wa fungo, koma mkwiyo unali wa anthu. Anthu ophunzira, a matayi ndi mapepala a sukulu, kusandutsa chipinda cha seva kukhala butchala! Anatsuka m'kamwa, nalavula, natukwana chamumtima ofesi yonse kuyambira pa mlonda mpaka pa mkulu wake.

Madisiki onse anali atafa. Pamenepo panalibenso zokambirana, madzi akatayika saoleka. Mwayi unali woti seva yeniyeniyo inali pa shelefu ina ndipo inayaka bwinobwino, makina a tepi nawonso sanakhudzidwe. Thelma analumikiza bokosi latsopano limene anabwera nalo, naitanitsa matepi.

Amene anabwera nawo anali ba Mailesi, kalaliki wa mafayilo, mayi wachikulire wa kufupi ndi ku Mpanshya amene ankapalasa njinga tsiku lililonse kubwera ku ntchito. Ndiwo anapatsidwa udindo wosintha tepi Lachisanu lililonse. Anawanyamula m'katoni yokutidwa ndi chitenje, matepi khumi ndi awiri, iliyonse ili ndi nambala yolembedwa mosamala, opanda ngakhale kafumbi.

"Ni aya, ba enjiniya. Nimasungila mu kabati yanga, kutali na vija va nyama."

Seva sinkawaona makina a tepi. Thelma sanadabwe, anati mwina n'chifukwa cha kuzima kwa magetsi kuja. Zala zake zinalemba zokha lamulo lowadzutsira, makinawo anaoneka, iye nalowetsa tepi ya Lachisanu lomaliza. Inazungulira, inazungulira, kenako seva inayankha kuti mulibe kanthu. Analowetsa ya sabata inayo. Mulibe kanthu. Matepi khumi ndi imodzi anali oyera ngati angochoka kumene m'sitolo. Ya nambala wani yokha ndiyo inali ndi zinthu, koma zinali za zaka zitatu zapitazo, mayina a odwala amene ena a iwo anaikidwa kale m'manda.

Thelma anatembenuka, mkwiyo wonse wa tsikulo utapeza pogwera.

"Amayi, munali kungenesa ma tepi aya kapena munali kuyapukuta chabe fumbi?"

"Nenze kungenesa, ba enjiniya. Friday iliyonse. Nikatinika pamene munanilangiza, pamabwela OK ya gilini."

"OK ya gilini! Nanga vintu vili kuti? Anthu four thousand, amayi! Munaona monga ni masewela?"

Munthu wamkulu kukalipiridwa ndi mwana wa msinkhu wa mwana wake, pamaso pa anzake a ntchito amene anali atadzaza m'khonde. Ba Mailesi anangoweramitsa mutu nayamba kupinda chitenje chija.

Ba Cephas, amene foni yawo inali itatha mwadzidzidzi, anamva zonse, ndipo nkhope yawo inawala. Fisi anali atapeza poti athawire. Mbuzi inapha madisiki, zoona, koma madisiki amafa kulikonse, n'chifukwa chake pali matepi. Tsono ngati matepi ali opanda kanthu, mlandu si wa mbuzi ayi, ndi wa wosunga matepi. Munthu amene kalata ya tchuthi imatha mwezi ili pa tebulo pake, tsiku limeneli analemba kalata yoimitsa ba Mailesi ntchito m'mphindi khumi zokha. Anamuitanira Thelma mu ofesi yawo natseka chitseko.

"Manje imwe mulembe chabe mu report kuti ma tepi sanali kungenesedwa. Va nyama musalembe, vizasokoneza chabe ba head office. Mukasaina, uyu mayi ayenda lelo lomwe."

Thelma anawayang'ana. Pa kolala ya malaya awo panatera ntchentche, yobiriwira, ya m'chipinda chija. Bamboyu ankamunyansa kuposa mphutsi, koma pa nkhani ya matepi ankaona kuti akunena zoona. Anati akatenge kaye umboni mu seva, pakuti seva imalemba chilichonse chimene yachita, tsiku ndi ola lomwe.

Atabwerera m'kachipinda kaja anapeza ba Mailesi atagwada pansi ndi ndowa ya madzi a sopo, akukolopa. Palibe anawatuma. Achinyamata onse a pa ofesipo anali atapeza zochita zina kutali, ndipo mayi amene kalata yake inali kudikira siginecha ndiye ankakokolola mphutsi ndi chikatoni.

Thelma anakhala pa mpando natsegula zolemba za seva. Ankafuna Lachisanu limene tepi sinalowe. Chimene anapeza chinali china. Lachisanu lililonse, cha m'ma folo koloko madzulo, munthu ankadina pamene anauzidwa. Sabata ndi sabata, zaka zitatu, osaphonya. Ndipo Lachisanu lililonse seva inkayankha m'zolemba zake, mmene munthu wa pa ofesipo sakanayang'anamo, kuti makina a tepi sikuwaona. Anabwerera m'mbuyo kufuna tsiku limene inawaona komaliza. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chichokereni iye pa ofesipo, tsiku limene magetsi anazima koyamba.

Anatsegula fayilo ya malamulo imene iye mwini analemba. Pamwamba pake panali mawu ake, m'kalembedwe kake: zongoyembekezera, ndidzakonza ndikadzabweranso, T.

Anakumbukira tsikulo bwinobwino. Makina a tepi anamuvuta kuyambira m'mawa, seva ikukana kuwazindikira. Madzulo anawadzutsa pamanja, ndi lamulo lomwe lija zala zake zinalemba lero, nayesa tepi imodzi, zinatheka. Chinatsala n'kuilembera seva kuti iziwadzutsa yokha nthawi iliyonse ikayaka, kenako kuizimitsa ndi kuiyatsanso kuti aone ngati yamva. Ntchito ya theka la ola. Koma kunja dalaivala ankaliza hutala, iye ankafuna kukafika ku Lusaka kusanade, ndiye anati adzamaliza ulendo wina. Ulendo winawo sunabwere, zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo OK wa gilini uja anamuika yekha kumapeto kwa fayilo, kuti azituluka ntchito ikatha, osamuuza kuti ayambe waona ngati yathekadi. Kwa zaka zitatu makina ankanamiza mayi wachikulire ndi mawu amene Thelma anawaphunzitsa.

Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Apa m'pamene satana anakhala naye pa mpando. Mu Rufunsa monse ndani akanawerenga zolemba za Linux? Ba Cephas ngakhale pasiwedi ya foni yawo amaiwala. Kufufuta mzere umodzi, kukonza fayilo, kusaina pepala, basi nkhani yatha. Kampani yawo sikanadziwa, dzina lake likanakhala loyera. Chala chake chinafika mpaka pa batani.

"Ba enjiniya, nyamulankoni mendo nipitishe chikolopo."

Thelma ananyamula miyendo. Anaona mutu wa imvi ukudutsa pansi pa mawondo ake, manja otupa ndi sopo, chitenje chitanyowa ndi madzi ofiirira. Mseru unabweranso, woposa wam'mawa uja, koma tsopano kunalibe kothamangira, chifukwa chonunkhacho chinali iye mwini. Tsiku lonse ankapinda mphuno pa anthu a ku Rufunsa ndi mbuzi yawo, chikhalirecho chake chinali chitaola zaka zitatu m'chipinda chomwecho, mwakachetechete, chopanda ntchentche yochiulula.

Analemba lipotilo pomwepo, pa foni, mofulumira kuopa kuti mtima ungasinthe. Analemba za beseni ndi mwini wake. Analemba za matepi, kuti kalaliki sanaphonye Lachisanu ndi limodzi lomwe, kuti wolakwa ndi amene analumikiza makina, ndipo anatchula dzina lake lonse. Anatumiza kwa abwana ake ku Lusaka ndi ku likulu la bungwelo, kenako anakawaonetsa ba Cephas.

Bamboyo anawerenga mpaka kumapeto.

"Imwe muli bwino mu mutu? Mwazipaya mweka, na ine mwanipaya! Sembe tapulumuka tonse babili. Uja mayi asala na zaka zingati kuti apume?"

"Ng'ambani kalata ija, ba Cephas."

Anaing'amba, pang'onopang'ono, akumuyang'ana ngati wawabera.

Thelma ankaganiza kuti chovuta chatha. Anabwerera kwa ba Mailesi nawafotokozera zonse, m'mawu osavuta, osadzibisa paliponse. Anapepesa chifukwa cha matepi, napepesanso chifukwa cha mawu aja anawalankhula pagulu. Pansi pa mtima ankayembekeza kuti mayiyo alira, kapena amugwira dzanja.

Ba Mailesi anafinya chikolopo m'ndowa, osafulumira.

"So ma Friday yonse yaja nenze kungenesa vintu vilibe nchito?"

"Inde, amayi."

"Na pa Good Friday nenze kubwela. Kuchoka ku Njila ya Mtanda, pa njinga, ofesi yovala, nili neka. Chifukwa munakamba kuti osaphonya."

Mayiyo anafinyanso chikolopo, napitiriza.

"Nchito mwanibwezela, zikomo. Koma imwe muyenda ku Lusaka. Pa Monday kuzabwela ba ku Shikabeta, bena ni nkhalamba, sibaziba na zina ya mankhwala yamene bakumwa. Bazaimilila pa windo yanga. Bazafunsa ine, osati imwe."

Anadzuka movutikira, dzanja lina litagwira msana, namupatsa Thelma chikolopo chija chikudontha.

"Pansi pa shelefu apo sinikwanisa kufikapo. Pakali vambili."

Thelma anachilandira ndi manja awiri, opanda mapulasitiki, nagwada.