Khungwa Likadali Lonyowa

A Stafford Chisi anagwira ntchito zaka makumi atatu ku nazale ya mitengo ku Luwawa, ndipo atapuma sanapite kutali. Anamanga nyumba kumtunda kwa damu, nabzala mapichesi kuseri kwake. Dzanja lawo linkadziwika pa kumezanitsa mitengo. Mbuzi ikakungudza khungwa kuzungulira thunthu lonse, anthu ankathamangira kwa a Chisi. Iwo ankadula timphukira n'kutilowetsa kumunsi ndi kumtunda kwa balalo ngati timilatho, madzi a mtengo n'kumawolokera pomwepo.

Akazi awo, a Fyness, omwe aliyense ankawatchula kuti anyaLungu, anagwa pamsika wa Jenda mwezi wa Novembala akugulitsa mapichesi. Madokotala anati mtsempha wina wa mtima unatsekeka, ndipo mnofu wa mbali imeneyo unafa n'kusiya chipsera. Anachira, koma sanabwerere onse. Mayi amene ankakwera chitunda cha kudamu atasenza ndowa, akuimba nyimbo za kwaya, tsopano ankapumira kawiri pakati pa khonde ndi khitchini. Chimene a Chisi ankachisowa kwambiri chinali nyimboyo, imene inkafika pakhomo mwini wake asanaoneke.

Mwana wawo Iness, namwino ku Boma, ankawaumiriza kuti asamukire kwa iye mvula isanayambe. Msewu wa ku Luwawa ukanyowa galimoto silifika, ndipo mtima sudikira kuti matope aume. AnyaLungu anali atavomera kale, moti mbale zina anali atazikulunga m'nsalu.

Kenaka, masana ena a mu Julaye, a Chisi akunola mpeni, wailesi inanena za akatswiri akunja. Akuti amatenga kachilombo kochotsedwa ululu, n'kukasenzetsa malangizo a chibadwa, n'kukalowetsa mumtima wa wodwala. Malangizowo amauza mnofu wa mtima kuti usafe. A Chisi anaika mpeni pansi. Ntchito imeneyo anaizindikira: kamphukira kabwino kolowetsedwa pa bala.

"AnyaLungu, masulani mbalezo," anatero. "Akumezanitsa mitima tsopano. Tidikire pompano, mudzakweranso chitunda chija."

AnyaLungu anawayang'ana nthawi yaitali, kenaka anamasula mbale. Tsiku limenelo anang'ung'udza nyimbo akusankha nyemba.

A Chisi analemba kalata yopita kwa akatswiri aja m'Chingerezi chawo cha kusekondale, kawiri konse, kuti pasakhale pofufuta. Anafotokoza msinkhu wa akazi awo, mankhwala amene amamwa, ndiponso kuti ndi munthu womvera malangizo. Lachitatu anakwera njinga yamoto mpaka pamsewu waukulu, n'kupeza minibasi ya ku Boma.

Iness anawapeza pabenchi panja pa chipatala, kalata ili pabondo.

"Adada, mwabwera osaimba foni? Amama ali bwanji?"

"Ali makola. Undipezere keyala ya anthu awa."

Iness anawerenga kalatayo mpaka pansi. Anatulutsa foni, nafufuza za akatswiriwo.

"Ndiye mwawauza amama?"

"Ndawauza. Mbale amasula."

"Adada, inu ndi wailesi yanuyo! Izi akuyesera pa mbewa ndi nkhumba."

"Nkhumba zinayamba, anthu atsatira. Katemera wa ng'ombe uja sitinamudikire?"

"Nanga mwamva kuti amazibaya liti?"

A Chisi anapukusa mutu.

"Mtsempha ukangotsekeka," anatero Iness motsitsa mawu. "Maola ochepa, mwina masiku. Mnofu usanafe. Ndi zoteteza, adada, si zodzutsa chimene chinauma kale."

A Chisi anayang'ana anyamata a kabaza amene ankalimbirana mayi wa dengu pageti. Sanafune kuti mwana awafotokozerenso. Iwo eni anabweza anthu ambiri ndi mawu omwewo: mukanabwera dzana, khungwa likadali lonyowa. Bala likauma, kamphukira kalibe pogwira. Anadabwa kuti zimenezi sanazimve pawailesi paja. Mwina zinanenedwa, iwo ali kale pachitunda kumvetsera nyimbo.

"Papita miyezi isanu ndi itatu chigwereni amama ako," anatero a Chisi.

"Ndipite nanu ndikawauze ndine?"

"Yayi. Ndinamasulitsa mbale ndine."

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. AnyaLungu anali pampando kuseri, atafunda bulangete, akuwothera dzuwa pakati pa mapichesi amene anali atayoyola masamba.

"Mwaitumiza?"

A Chisi anakhala pachitsa. Kalata inali m'thumba la jekete, ndipo ankaimva ikukhudza nthiti.

"Mukuukumbukira mtengo uwo?" anatero, akuloza wa kumapeto.

"Ndiuiwale bwanji? Ndinabzala ndine, chaka chimene Iness anabadwa. Mbuzi za a Nason zinaudya ife tili kuchipatala."

"Titabwera ndinaupeza utauma bala. Sindinaumezanitse."

"Munati nthawi yapita."

"Eya," anatero a Chisi. "Mankhwala aja nawonso ngotero. Amafuna bala la tsiku lomwelo. Ndiponso sanafike pa anthu. Ndinafulumira kulankhula, anyaLungu. Mundikhululukire."

AnyaLungu anakoka bulangete. Mphepo ya m'mapaini inkawomba kuchokera kudamu, yozizira, yonunkhira utomoni.

"Ndinali nditasankha kale nyimbo yokwera nayo chitunda," anatero.

A Chisi anayang'ana pansi.

Patapita nthawi anyaLungu analozanso mtengo uja ndi chibwano. "Koma suja unaphuka? Ukukhalira chiyani?"

"Kachingwe ka khungwa kanatsala kumbuyo, kopapatiza ngati zala ziwiri. Madzi onse akudutsa pamenepo."

"Ndiye mtengo wotero mumautani, inu akatswiri?"

"Timauchepetsera katundu. Kudulira nthambi, kuthothola zipatso zikadali zazing'ono. Ndi kuuika pamaso, osautalikira."

"Mbwenu mwayankha nokha," anatero anyaLungu. "Kanditengereni nsalu zija. Koma mbale mukulunga ndinu, a Chisi, ine ndinakulunga kale kamodzi."

Anakulunga mbale masiku awiri, anyaLungu akuwalangiza ali pampando ndi kuwaseka kuti manja odziwa mpeni akulephera kapu. Iness anapeza galimoto la Loweruka.

M'mawa wa tsikulo, katundu atakwera, anyaLungu anakana kulowa m'galimoto.

"Kuseri kwa Iness kuli kamtengo ka pichesi kongodzimerera, kosabala zabwino," anatero. "Ndinakaona."

A Chisi anamva. Anatulutsa mpeni, napita ku mtengo wa kumapeto, nasankha timphukira tinayi tonenepa ngati pensulo. Anatikulunga m'nsanza yonyowa. Pofuna pepala lokutira kunja kuti chinyezi chisathawe, anapeza kalata ija m'thumba, ndipo anakutira ndi yomweyo.

"Timeneti tidikira masiku angati?" anafunsa anyaLungu, atatilandira pamiyendo.

"Atatu. Tikachedwa, anayi."

"Ndiye mumezanitse lero lomwe, tisanamasule n'komwe katundu."

Galimoto linatsika pang'onopang'ono kudutsa padamu. AnyaLungu anayang'ana chitunda chija mpaka mapaini anachibisa, manja onse awiri ali pa kamtolo konyowa. A Chisi anawerama n'kupempha dalaivala kuti asaime pa msika, timphukira tingaume.