Peterson Asamba Makala

Ku Manja, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wa Limbe wopanda khadi la chipani, kunali tambala woyera mbee! Dzina lake anali Peterson. Ankakhala pakhomo pa a Laban ndi akazi awo a Esnat. Kunyada kwake inu! Ankayenda monyang'wa ngati bwalo lonse analigula yekha.

Lachisanu lina, akujompha gaga pafupi ndi khitchini, anamva a Esnat akuuza amuna awo kuti, "Amayi afika mawa pa sitima kuchokera ku Nsanje. Alendo otere sitingawapatse usipa. M'mawa mumuphe Peterson."

Gaga uja anamutsamwa Peterson. Mantha anamugwira. Bakha wa pakhomopo, amene ankangokhalira kugona m'matope, anaseka mpaka kugubuduka.

"Kwaa! Kwaa! Mawa ulowa mumphika, bwanawe. Gagayo undisiyire."

Peterson anakweza maso n'kuona nsalu ya chipani ya a Esnat ili pachingwe. Pansaluyo panali chithunzi cha tambala wakuda bii, chizindikiro cha chipani. Nsalu imeneyo palibe ankayerekeza ngakhale kupukutira manja. Anayang'ananso kuseri kwa mpanda, kumene kunkakhala a January, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Pomwepo nzeru inamubwerera.

Kutacha anathamangira pamene a Esnat ankakhuthulira makala. Anagubuduka m'fumbi la makalalo, chagada, chafufumimba, chammbali, mpaka anada bii. Kofiira kunangotsala pamutu.

A Laban anatuluka ndi mpeni n'kumugwira mapiko.

"Iwe Peterson, ukuyesa sindikukudziwa? Makala sapulumutsa khosi."

Peterson anakoka mpweya, n'kulira kuposa masiku onse: "Kokoliliko-o-o!"

Mutu wa a January unasuzumira pampanda.

"Mwadzuka bwanji, a Laban? Aa! Mpeniwo ndi wa chiyani? Mukufuna kupha tambala wakuda?"

"Iyayi, a tcheyamani, uyu si wakuda. Ndi litsiro chabe."

"Mwati bwanji? Tambala wakuda mukumutcha litsiro?"

Kalanga ine a Laban! Thukuta linali kamukamu. Masiku amenewo mawu otere ankapita kutali.

"Pepani, a tcheyamani, sindinatero. Ndimangofuna kumuwenga zikhadabo."

"Eya, mwaganiza bwino. Muwengeni. Ndiima pompano ndione."

Basitu a Laban, bambo wamkulu ndi ndevu zawo, anagwada pansi n'kuyamba kuwenga zikhadabo za tambala, chimodzichimodzi. Peterson anangotambasula mwendo, maso ali tsinzinu. Utatha uwu, anapereka winawo. A January anakondwa kwambiri, mpaka anamuponyera chimanga chodzaza dzanja.

Koma nthawi sinadikire. Sitima inali pafupi kufika ku Limbe, ndiwo kulibe. A Esnat anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kuima pa Bakha. Phwete lonse lija linamuthera. Nayenso anathamanga chopendekeka n'kudziponya m'makala muja. Anatuluka ali bii, n'kukaima pafupi ndi mpanda, chifuwa patsogolo.

"Kwaa! Kwaa!"

A January anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu.

"Mayi Esnat, bakha wanuyu ndi wauve bwanji! Mumutsuke kaye musanaphike."

Mwaona nanga? Bakha anangotsanzira mnzake, osadziwa kuti pansalu ya chipani pali tambala, osati bakha. Masana amenewo apongozi a ku Nsanje anadya bakha, ndipo anayamikira kuti anali wonona.

Peterson anapulumuka, koma ntchito inamupeza. A January ankasuzumira pampanda m'mawa uliwonse kuti aone tambala wawo wakuda. Choncho kukacha, asanalire n'komwe, Peterson ankayamba wathamangira kumakala. Mitambo ikangoda paphiri la Soche, ankathawira pansi pa tebulo, kuopa kuti mvula ingamuchape. Nthenga zoyera zimene ankanyadira zija sanazionenso, ndipo zinkamuwawa mumtima. Koma khosi lake analisunga.

Ndiye mukaona nkhuku ikugubuduka m'fumbi, musaiseke. Yamva kuti kunyumba kukubwera alendo.