Nsenga za Botolo Lomaliza

Kathovu atamwalira, mkazi wake anafuna malo m'firiji oikamo zakudya za anthu obwera kumaliro. Kumbuyo kwenikweni anapezako chibotolo cha zinthu zotuwa ngati matope, zonunkha chowawasa. Anazikhuthulira m'sinki, natsuka botololo ndi sopo.

Matope amenewo anali yisiti. Kathovu ndi mlongo wake ankafulula mowa m'kanyumba ka malata kuseri kwa galaja, mathanki awiri okha basi. Akafulula ankatapa yisiti wotsalira pansi pa thanki n'kumusungira ulendo wotsatira, ndipo yisiti yemweyo ndi amene ankakometsa Wofiirira, mowa wawo umene anthu ankaufunsa ndi dzina m'mabala.

Mlongoyo atamva, pakamwa panamutsogola. Anati mlamu wakeyo zaka zonsezi sanapondeko kofululira, ntchito kudandaula za fungo la pamalaya. Anati wapha munthu kachiwiri. Ananena zimenezi pagulu, misozi ya anthu isanaume. Komanso chilungamo chinali kuti? Opepesa onse ankakhamukira kwa mkazi wamasiye, pomwe iye, amene anasenza matumba a chimera ndi achimwene ake mpaka msana kupindika, ankangomufunsa kumene kuli makapu.

Anayesa kufulula ndi yisiti wa m'paketi. Mtundu unatuluka womwewo, koma mwini bala wa pakona atalawa anapukusa mutu, nati mowawu wavala malaya a malemu koma mwini wake mulibemo. Oda yake anaichepetsa. Ena anangoleka kuimba foni.

Tsiku lina masana, akutsuka thanki, anaona mlamu wake ataima pakhomo, atafukata kanthu kokulunga m'thawulo. Chikanganirane anali asanalankhulane.

"Alamu, ili ndi lomaliza. Ndati ndisamwe ndekha, ine ndi mowa sitidziwana."

Linali botolo la Wofiirira, la manja a Kathovu. Mlongoyo analiloza kowala. Pansi pake panali kamzere ka nsenga. Nsenga zimenezo ndi yisiti wogona, ndipo ukamudyetsa bwino amadzuka.

Analiziziritsa, natenga matambula awiri. Anathira pang'onopang'ono, botolo litapendekeka, kuti nsenga zisavunduke. Mowa unatsika wofiirira ngati uchi wakale, thovu loyera litakhala pamwamba. Anayamba waununkhiza: buledi wopserera m'mbali, kenaka kafungo ka khungu la lalanje. Pakamwa unayamba ndi kutsekemera kwa chimera chokazinga, kuwawa kunabwera mochedwa, mwaulemu, n'kutsalira kukhosi. Ndi mmene achimwene ankachitira pokangana, kukusiya ulankhule kenaka iwo n'kuponya liwu limodzi.

Mlamu uja anamwa pang'ono, nakwinya nkhope ngati mwana womwetsedwa mankhwala. Anati ndiye izi n'zimene zinkamulanda mwamuna? Anamwanso. Kenaka anati fungo lake ndi lija la pamalaya, naphimba nkhope ndi thawulo. Mlongoyo sanamutonthoze, anangomuwonjezera wa m'tambula yake.

Mlamuyo asanachoke, mlongoyo anawiritsa madzi a chimera, nawaziziritsa, nawathira m'botolo muja pamwamba pa nsenga. Anafotokozera mlamu wake kuti pakaoneka thovu ndiye kuti Wofiirira wabwerera.

Kuyambira pamenepo mlamuyo ankadutsa m'mawa uliwonse popita kuntchito, n'kuwerama kuyang'ana botolo pashelefu. Thovu silinabwere. Mlongoyo analikhutchumula, analifunditsa nsalu, analilalatira, anawonjezera madzi a chimera. Madzi anangokhala phee. Pamapeto pake pamwamba panayamba kuchita nkhungu.

M'mawa umenewo mlongoyo anafunsa mlamu wake, ngati nkhani wamba, kuti botololi linkakhala pati miyezi yonseyi.

"Pawindo la kuchipinda, pafupi ndi chithunzi chawo. Dzuwa likamapendeka limawomba pamenepo, botolo limawala bwino. Ndinkaligwira lili lofunda ngati munthu."

Mawu anamufika mlongoyo pakamwa, akuthwa kuposa a pamaliro aja. Yisiti ndi dzuwa n'zosayenderana, wofulula aliyense amadziwa. Koma mkaziyu akanadziwira kuti? Ndani mwa awiriwo anamuitanako kuti adzaone? Ankangomuseka kuti ndi bwana wa sopo.

"Bwanji, alamu? Ndalakwitsanso?"

"Ayi. Anali wokalamba yisitiyo. Anatopa."

Mlamuyo anamuyang'ana nthawi yaitali, nanyamula chikwama chake. Pakhomo anatembenuka n'kupempha botololo. Mlongoyo analitsuka yekha, nalipukuta, namupatsa.

Atatsala yekha anatenga nsanza yonyowa napita pabolodi la pakhomo, pamene Kathovu analembapo mayina a mowa ndi choko. Anafufuta Wofiirira. Choko chinali chitalowerera m'thabwa, zilembo zinkaonekabe mwapatalipatali, ndipo iye anazisiya choncho, nabwerera kukatsuka thanki.