Khomo la Kubafa Linachepa Zala Ziwiri

Amuna anga sankafuna kumva za kulipira mmisiri. Denga likadontha ankakwera okha, mpope ukamataya madzi ankaumanga okha ndi mphira, mpaka anthu a mumzere wathu anawapatsa dzina loti a Ndikonzandekha. Nyumba yathu anaimanga Loweruka lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi zinthu zotola kumene ena akugwetsa nyumba zakale. Chitseko cha kubafa, komwenso kuli chimbudzi, anachigula motchipa kwa munthu amene ankaphwasula sitolo. Chinali chopapatiza, cha kachipinda kosungira katundu. M'malo mofunafuna chitseko chokwana pakhomo, iwo anamanga khomo lokwana chitsekocho. Tinkalowa chammbali ngati nkhanu.

Sitiroko inawagwira ali kuntchito. Inawalanda mwendo ndi dzanja lamanja, komanso mawu ambiri. Atagona m'chipatala mwezi wathunthu, namwino anaitana ine ndi alamu anga, achemwali awo aakulu, n'kutiuza kuti atuluka Lachisanu la sabata yotsatira.

"Koma kumene akupitako, chikuku ichi chizilowa kuchimbudzi," anatero namwinoyo, akuloza njinga yoyendera odwala imene tinawagulira. "Dzanja limodzi ali nalo, atha kudzithandiza okha. Osati azikhala tsiku lonse kudikira wowanyamula."

"Ndiye apita kwathu basi," anatero alamu. "Kubafa kwa mlamu wangayu amalowako bwino ndi mphaka yekha. Iyenso amalawirira kukachapa nsalu za kuhotela, kubwera dzuwa litapendeka. Achimwene azitsala ndi ndani?"

Kwa alamu ndi kutali, mabasi awiri, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndikanamawaona kamodzi pamwezi, mwamuna amene ndinagona naye chipinda chimodzi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Apita kunyumba kwawo," ndinatero. "Khomolo ndikulitsa."

"Ndi ndalama ziti, mlamu? Si zonse zapita ku chikukuchi?"

"Ndi manja awa."

Tinapangana kuti Lachisanulo galimoto idzayamba yafika kwathu. Chikuku chikalowa kubafa, atsala. Chikakanika, apitirira nawo.

M'nyumba mwathu simunakhalepo tepi yoyezera. Amuna anga ankati tepi ndi ya anthu osakhulupirira maso awo. Iwo ankayeza ndi chingwe, n'kumanga mfundo pamene muyeso wathera, ndipo ine ndinaphunzira zomwezo powagwirira kunsonga. Tsiku lomwelo kuchipatalako ndinatulutsa chingwe m'chikwama. Iwo anali m'tulo pabedi, chikuku chili pakhoma chopanda munthu. Ndinayeza kuchokera ku tayala ili kufika ku tayala ilo, ndinaonjeza chala chachikulu, n'kumanga mfundo.

Kuntchito anandipatsa masiku atatu. Ndinazula chitseko ndi felemu yake, n'kuyamba kuswa khoma ndi hamala. Mmisiri womanga nyumba amene timagundana naye mpanda anasuzumira atamva phokoso.

"Mayi, matenda a amuna anu aja okonza zinthu okha ndi opatsirana eti? Ndipatseni ya sopo yokha, mawa lomweli ndikumalizirani."

"Mwadikira zaka makumi awiri kuti mudye ndalama ya nyumba ino. Pitirizani kudikira."

Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandiponyera tchizulo. "Tengani ichi, mungagwetse nyumba yonse. Tepi nayi."

"Ndili ndi chingwe."

"Aa, banja ili!" anatero, n'kubwezera tepi yake m'thumba.

Kumanzere kwa khomolo kunali ngodya ya nyumba, kosatheka kukhudza. Ndinkaswa kumanja, njerwa imodziimodzi, kuyambira pamwamba. Fumbi linalowa m'mbale, m'mabulangete, m'mano. Tsiku lachiwiri masana tchizulo inalira ngati yagunda belu. Ndinapukuta ndi chala, ndipo ndinaona chitsulo: paipi ya madzi. Amuna anga anaidutsitsa choimirira pambali penipeni pa khomo, kuti asagule ina yozungulira nayo. Ndinakhala pansi, pa zidutswa za njerwa. Kenako ndinatenga chingwe chija. Kuchokera pangodya, mfundo inafika pafupi ndi paipi, n'kutsalako kampata. Ndinathokoza Mulungu mokweza, ndekhandekha m'bafa.

Pulasitala ndinaika wopyapyala, wongobisa chitsulocho. Matuza a m'manja anaphulika, simenti n'kulowa m'zilonda. Pakhomopo ndinapachika katani wamaluwa amene ndinkasungira alendo.

Lachisanu galimoto inafika cha m'ma teni. Dalaivala ndi alamu anawatsitsa amuna anga n'kuwakhazika pachikuku. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Anayang'ana denga kaye, monga ankachitira masiku onse pobwera kuntchito, kenako ine.

"Takulandirani, bambo," ndinatero. "Bwerani muone zimene ndawononga."

Mbali imodzi ya pakamwa pawo inaseka. Anakana kuti tiwakankhe. Ankapalasa tayala ndi dzanja lamanzere, phazi likuthandizira pansi, kudutsa pabalaza mpaka pa katani. Ndinakoka kataniyo.

Chikuku chinalowa mphuno yokha, n'kuima. Matayala anagunda uku ndi uku.

"Mwabwera mokhota, bambo. Bwererani, mulunjike."

Anabwerera, analunjika. Chinagundanso. Kachitatu ndinakankha ndine, mwamphamvu, mpaka pulasitala ananyotsoka n'kugwera pamiyendo pawo. Ndinathamangira chingwe. Pakhomo chinkakwana bwinobwino. Pachikuku mfundo inaperewera zala ziwiri.

"Mayi, munayeza mulibe munthu?" anafunsa dalaivala. "Zikuku zopindazi zimatero. Zikakhala zokha zimafinyika pang'ono, munthu akakhalamo m'pamene zimatambasuka zonse."

Ndinakatenga hamala ndi tchizulo.

"Ndipatseni ola limodzi."

Amuna anga anatambasula dzanja n'kugwira khoma limene ndinapaka. Analisisita kuchokera m'mwamba kutsika, monga ankachitira ndi ntchito ya anthu ena pofuna kuipezera chifukwa. Kenako anagogoda ndi chala pamalo amodzi.

"Paipi," anatero.

Mwezi wonse ndinali ndisanamve liwu lomveka bwino chotero kuchokera pakamwa pawo. Ankadziwa pamene anaiika, ankadziwanso kuti kuisuntha n'kukumba pansi kuyambira kukhitchini.

"Ndizikunyamulani pamsana," ndinatero. "Ntchito ndisiya."

"Muzidya chiyani?" anafunsa alamu. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanalalata. "Mlamu, sindikukulanda mwamuna. Ndimutengerenji, ndili ndi wanga wondisowetsa mtendere kale? Wayesetsa, taona tonse. Achimwene, nenani nokha."

Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana manja anga, nthawi yaitali, mabala ndi simenti ya m'zikhadabo. Kenako anapalasa tayala chambuyo, anatembenuza chikuku movutikira, n'kuloza khomo lotulukira panja.

Chikwama chawo sichinatsike n'komwe m'galimoto. Ndinawaikira chipewa ndi juzi pamiyendo, ndinawauza kuti milungu itatu ikakwana ndidzawatenga ndekha. Anagwedeza mutu movomera. Galimoto itakhota pamsewu ndinalowa m'nyumba n'kusesa pulasitala uja.

Kukumba pansi ndinakumba ndekha, madzulo ndikaweruka ndi Lamlungu lonse. Wa mapaipi ndinamuitana tsiku limodzi lokha, kudzadula ndi kulumikiza. Madzi ndinkatunga kwa mmisiri uja, amene tsopano anasiya nthabwala zake. Anabwera ndi tepi osandifunsa, tinaimbira alamu kuti ayeze chikuku mwiniwake atakhalamo, ndipo tinaonjeza chikhatho chathunthu.

Lachitatu la sabata yachitatu ndinali nditasakaniza simenti m'beseni, mbali imodzi ya khomo nditapaka kale, pamene foni inalira. Anali alamu. Anati sitiroko yabweranso m'mawa, akumwa tiyi, ndipo atisiya asanafike nawo kuchipatala. Anati ndinyamuke ndi basi yoyamba imene ndingapeze.

Basi ya masana inali itapita kale. Ndinaika foni pawindo, ndinapaka mbali yotsalayo mpaka pansi, chifukwa simenti ikanauma m'beseni. Kenako ndinasamba m'manja n'kupita kukauza aneba.