Zilembo Ziwiri Zakumapeto

"Munati makinawo ali kunja kwa dziko lino, achemwali!"

"Ali kunja, inde, ndipo sanadwale ngakhale chimfine."

"Nanga bwanji akuti sakuona kanthu?"

Kalipentala anaima pakhomo la kashopu ka achemwali akewo, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Makompyuta onse m'kashopumo anali duu ngati ana okalipiridwa. Boma linali litatseka intaneti m'dziko lonse, ati mpaka mitima ya anthu izizire, ndipo achemwaliwo, amene ntchito yawo inali yopangira anthu mawebusayiti, ankangopukuta fumbi pa makiyibodi.

Mnyamatayu ankakonda nesi wina amene anapita kukagwira ntchito kudziko lakutali. Kukonda ankakonda ndithu, koma akati alankhule, lilime linkasanduka thabwa. N'chifukwa chake anapempha achemwali kuti amupangire tsamba la pa intaneti, ndipo iwo analisunga pa makina a kunja kwa dziko. Mnyamatayo anaikapo zithunzi za tebulo limene anapala yekha, mipando iwiri yoyang'anizana, ndi kavidiyo kamene anajambula mobwerezabwereza mpaka malaya kunyowa, akufunsa funso lomwe pakamwa pankakana. Nesiyo anangopatsidwa adiresi ya tsambalo ndi lamulo limodzi: atsegule pa tsiku lake lobadwa.

Tsikulo linali lomweli. Mafoni oimba wamba ankagwirabe, ndipo nesi anali atangoimba kumene. "Tsamba lako kulibe. Ngati wasintha maganizo, ungonena." Basi, n'kudula.

"Khala pansi, bambo wa chikondi," anatero achemwali, akumukankhira mpando ndi phazi. "Ukukumbuka zilembo ziwiri zakumapeto kwa adiresi ija? Ndinati tisankhe mathero ogwiritsa ntchito aliyense. Iwe n'kukakamira za dziko lathu."

"Ndinkafuna kuti akamazilemba azikumbukira kwawo."

"Eya, wakumbukira. Foni yake ikaona zilembo zimenezo, imayamba yafunsa makina a kuno kwathu kuti tsamba lakutilakuti limakhala kuti. Makina amenewo ndi amene atsekeredwa m'nyumba pamodzi ndi ife."

"Koma tebulo lili kunja."

"Tebulo lili kumatabwa kwako, iwe!"

"Ndikunena chithunzi chake!"

"Chithunzi chilipo. Wolozera njira ndiye palibe."

Kalipentala anagwira mutu. Mtsikana ali kunja. Tsamba lili kunja. Mwina n'kutheka kuti ali mumzinda umodzi, mwina msewu womwewo. Koma kuti akumane, ayenera kudzafunsa kaye kuno, kumene aliyense wathimitsiridwa nyale? Anayesa kuzipanga ngati mmene amalumikizira miyendo ya mpando, koma paliponse pankatsala mwendo umodzi m'manja.

"Ayi, mukundinamiza. Atangotseka kumene, mwana wa amalume uja ali kunjayu anati zikutseguka bwinobwino."

"Makina akunja amasunga yankho kwakanthawi. Akabweranso kudzafunsa n'kupeza kuli zii, amaiwala."

Amaiwala. Mawuwo anamulowa ngati msomali wokhota. Nthawi yomweyo anaona m'maganizo mwake dokotala wina wamtali, wonunkhira, wa galimoto yoyera, amene adiresi yake siinathere pa zilembo za dziko lililonse lotsekedwa.

"Ndiye sinthani dzinalo. Pompano."

"Ndi intaneti iti? Uli nayo m'thumba?"

"Chabwino, ndipita kwa amene atsekawo."

"Ukawauze kuti chiyani? Bwana, tsegulani dziko, ndikufuna kufunsira?"

Achemwali anaseka mpaka kutsamira makina osindikizira. Kenako anaona nkhope ya mlongo wawoyo ndipo kuseka kunatha. Anatenga foni ya kalipentalayo imene mwini wake anali ataiponya pa tebulo, anaipukuta utuchi ndi nsonga ya bulauzi, n'kumuikira m'dzanja.

"Muimbire."

"Ndimufotokozere za zilembozi?"

"Iwe wazimvetsa?"

"Ayi."

"Ndiye usayerekeze."

Foni inaitana nthawi yaitali moti anayamba kupemphera kuti isayankhidwe. Inayankhidwa. Kumbuyo kunkamveka mawilo a bedi la odwala akulira pa simenti.

"Ndili pa ntchito," anatero nesi. "Lankhula."

"Tsamba lija sindinalifufute. Kungoti... pali makina amene amafunsa makina anzake. Ndiye anzakewo ali kuno. Koma tebulo lili uko. Osati tebulo lenileni..."

"Tebulo lanji? Waledzera?"

Achemwali anamutsina pamkono, pamalo pomwe ankamutsina ali mwana akakana kupereka moni kwa alendo.

"Ayi! Sikuti ayi kwa iwe. Ndikuti... pa tsambalo panali ine."

"Ukutani?"

"Ndikufunsa."

"Ukufunsa chiyani? Odwala akundidikira."

Kalipentala anayang'ana makompyuta akuda aja, onse ali chete, palibe ndi imodzi yomwe yomulankhulira. Anameza malovu, nameza ndi utuchi womwe.

"Ndapala tebulo ndi mipando iwiri. Wina ndi wako. Ndikufuna ndikukwatire."