Mwana wa Pulambala Akamadontha

Amuna anga ndi pulambala, ndipo kwa iwowo chilichonse padziko lino ndi paipi. Munthu akadwala chimfine, amati paipi yadontha. Khanda likamalira, amati thanki yasefukira. Ndinakwatiwa nawo ndikuzidziwa zimenezi, ndiye sindingadandaule kwambiri. Koma chaka chino nzeru zawo za mapaipi zinatsala pang'ono kutigwetsera m'dzenje.

Mwana wathu wamkazi timamutcha Kamphepo, chifukwa chiyambire kuimirira sanayendepo, amangothamanga. Ukamutuma mchere kugolosale, usanatembenuke n'komwe wabwera kale ali wefuwefu. Aphunzitsi ake a masewera atamusankha kuti adzathamange pampikisano wa masukulu, m'nyumba mwathu munalibenso nkhani ina. Ankathamanga kuchoka kukhitchini kukafika kugeti, n'kumatifunsa ngati tamuona podutsa.

Kenako nkhani ya mpikisano ija inangoti zii. Tsiku lina ndikusesa m'chipinda mwake ndinapeza mapanti onyowa atabisidwa kuseri kwa sutikesi. M'mawa wina ndinapezanso matiresi atanyowa, chikhalirecho mwanayu anasiya kukodza pogona asanayambe n'komwe sukulu. Nditamufunsa, anangoyang'ana zala zakumapazi. Madzulo ake anabwera pamene ndimachapa, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Amayi, mukawauze aphunzitsi kuti sindidzathamanga."

"Chifukwa chiyani, mwanawe?"

"Ndikathamanga zimangotuluka zokha. Dzulo anzanga anaona siketi."

Zinandipweteka kwambiri mumtima. Mwana amene sanayendepo chibadwire anali atayamba kuyenda pang'onopang'ono, atapana miyendo, juzi atamanga m'chiuno ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Nditawauza amuna anga, sanachite kuganiza kawiri. Anapukuta manja pa ovolosi, n'kukhala pansi ngati dokotala.

"Mayi a Kamphepo, nkhaniyi ndi yaing'ono. Paipi ikamadontha, choyamba umatseka kumene madzi akulowera."

Botolo la madzi limene mwana amapita nalo kusukulu analiika pamwamba pa kabati. Tiyi wam'mawa anakhala theka la kapu. Mwana akayandikira mpopi, bambo ake ankatsokomola. Ine ndinakayika ndithu, koma ungatsutsane bwanji ndi munthu amene waletsa kudontha m'nyumba za mabwana tawuni yonse? Ndinangoti tione.

Tinaonadi. Mkodzo wa mwana unasanduka ngati tiyi wopanda mkaka, fungo lake losaneneka. Ankapita kuchimbudzi pafupipafupi koma kumangotuluka timadontho, ndipo ankabwerako misozi ili chuchuchu akuti kukuwotcha. Siketi inkanyowabe. Thupi litayamba kutentha, ndinavula ulemu pang'ono.

"Abambo ake, sipanala yanu yakanika. Mawa tikupita kuchipatala, ndipo nanunso mukupita."

"Ndili ndi ntchito ya gizara, thanki yotenthetsera madzi, m'mawa."

"Gizara alibe impso. Adikira."

Kuchipatala tinakhala pabenchi yaitali moyang'anana ndi sikelo ya makanda, amuna anga maso ali pa mpopi wa pakona umene unkadontha. Ndinachita kuwatsina kuti asadzuke. Anatilandira namwino wachikulire, magalasi ake akulendewera pakachingwe m'khosi. Anapatsa Kamphepo kabotolo koti akakodzeremo, n'kukatumiza kukayezedwa. Podikira zotsatira, namwinoyo sanayambe ndi ife akuluakulu. Anakokera mpando pafupi ndi mwana.

"Iwe mnzanga, kusukulu umakodza nthawi yanji?"

"Sindikodza."

"Tsiku lonse?"

Kamphepo anagwedeza mutu kuvomera.

"Chifukwa chiyani?"

"Chitseko cha chimbudzi cha atsikana sichitsekeka, anthu amangokankha iwe uli momwemo. Madzinso satuluka, ndiye mumanunkha. Ndimangosunga mpaka kunyumba."

"Nanga chimbudzi umachita tsiku lililonse?"

"Ayi. Chimakhala cholimba, chimapweteka."

Ine ndi amuna anga tinayang'anana. Tonse tinali titamufunsa mwanayu kuti wanyowetsa bwanji, koma panalibe amene anamufunsa kuti kusukulu amakodzera kuti. Safunsa anadya phula.

Namwino anafunsa za madzi akumwa, ndipo ine sindinabise za botolo la pamwamba pa kabati. Iye anavala magalasi aja, n'kuwayang'ana amuna anga bwinobwino.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine pulambala, mayi."

"Ndiye mundithandize nzeru. Madzi akakhalitsa muthanki osatuluka, amatani?"

"Amaipa. Amachita ndere, amayamba fungo."

"Nanga paipi ikada m'kati mumaitsuka ndi chiyani?"

Amuna anga anadzikanda m'mutu. Anayang'ana kudenga, kenako pansi, ngati yankho lina ligwa.

"Ndi madzi ambiri," anatero chapansipansi.

Ndinayesetsa kudzigwira, koma phwete linandipulumuka. Namwino naye anamwetulira, ngakhale sanafune kuwachititsa manyazi pamaso pa mwana. Zotsatira zitabwera anatifotokozera kuti m'chikhodzodzo cha Kamphepo munalowa tizilombo. Mwana akamasunga mkodzo nthawi yaitali, tizilomboto timapeza mpata woswana, ndipo chikhodzodzo chimayamba kufinya chokha mwini wake asanakonzeke. Kudzimbidwa nakonso kumawonjezera, chifukwa matumbo odzaza amapanikiza chikhodzodzo mpaka kusowa malo.

"Mankhwala awa amalize onse, ngakhale aoneke kuti wachira," anatero namwino. "Madzi azimwa ambiri masana, madzulo ndiye pang'ono, ndipo azikodza asanagone. Kusukulu azipita nthawi iliyonse yopuma, asadikire kuti zimuvute. Muzimupatsa zipatso ndi masamba kuti m'mimba muziyenda bwino. Mayi, mumuphunzitse kudzipukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Thupi likatenthanso, kapena akamva kuwawa kumsana cha m'munsi mwa nthiti, kapena akayamba ludzu losatha, musagone naye kunyumba. Koma chachikulu, musamukalipire. Mwanayu sachita dala."

Kenako anatembenukira kwa Kamphepo.

"Si iwe wekha, wamva? Ana ambiri amabwera muno ndi vuto lomweli, ena aatali kuposa iwe, ndipo amachira."

"Ndidzathamanganso?"

"Udzathamanga. Koma uyambe wathamangira kuchimbudzi."

Tinabwerera pa basi. Pafupi ndi geti lathu amuna anga ananditembenukira.

"Mayi a Kamphepo, ndakonza zimbudzi za m'mahotela, za m'maofesi, za anthu osandipatsa n'komwe moni. Koma cha mwana wanga chilibe chotsekera."

Anandimvetsa chisoni, ndipo sindinawasekenso tsiku limenelo. Atangolowa m'nyumba anakwera pampando, n'kutsitsa botolo lija pakabati. Analitsuka okha.

Loweruka, atagwirizana ndi ahedi, ananyamula chikwama cha zida ulendo wa kusukulu, ife tili pambuyo. Anatsegula thanki ya chimbudzi cha atsikana, n'kupeza mpira woyandama wotsekera madzi utathyoka mkono. Anaika wina, anachotsa zinyalala zimene zinatseka paipi, anawongola chitseko. Kachitsulo kotsekera anakakhoma m'munsi, poti ngakhale mwana wamfupi afikire, ndipo anaitana Kamphepo kuti akayese. Mwana analowa, tinamva kuti kho, kenako anaseka ali m'kati momwemo. Amuna anga anamaliza n'kukonzanso chimbudzi cha anyamata, akuti pulambala sasiya ntchito ya theka. Aphunzitsi a kalasi yake nawo anavomera kuti Kamphepo akakweza dzanja azingomulola kutuluka, osamufunsa zambiri pagulu.

Sikuti zonse zinatha lero ndi lero. Kuwotcha kuja kunasiya msanga, koma matiresi ankapitabe padzuwa mwa apo ndi apo. Tinayala pulasitiki pansi pa nsalu yogonera, ndipo zikachitika tinkangochapa limodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amuna anga aja oletsa madzi anasanduka mlonda wa botolo, moti mwana akamatuluka m'mawa ankamutsatira mpaka kugeti akulikhutchumula kuti aone ngati ladzaza. Za mpikisano sitinamukakamize. Anabwera yekha madzulo ena, juzi ili m'manja osati m'chiuno, n'kunena kuti nsapato zake zothamangira zikufunika kuchapa.

Mpikisanowo unachitikira pabwalo la sukulu yawo. Kamphepo anali atamwa madzi ake bwinobwino, ndipo anapita kuchimbudzi nthawi yabwino monga ananenera namwino. Koma mlendo wolemekezeka atagwira chinkuzamawu anaiwala kuchisiya. Analankhula za ubwana wake, za kufunika kwa masewera, za ubwana wakenso. Ana anaima pamzere padzuwa, ndipo ine ndinaona mwana wanga akusinthasintha mapazi. Kusinthasintha kumeneko ndimakudziwa. Ndinagwira mkono wa amuna anga.

"Abambo ake, mukuona?"

"Ndikuona. Thanki yadzaza."

Wezulo inalira. Kamphepo anayamba mochedwa pang'ono, kenako anautaya, liwiro la mtondo wadooka. Anadutsa wamtali wa yunifolomu yobiriwira, anadutsa wina, ndipo pachingwe chomalizira anafika yekha. Koma sanaime. Anadutsa aphunzitsi a masewera amene anali atatambasula manja kuti amukumbatire, anadutsa tebulo la mlendo wolemekezeka, n'kukhotera kuseri kwa makalasi. Anthu anangoti kakasi, ena akufunsana ngati mwanayo sakudziwa pothera mpikisano. Ife awiri tinkadziwa kumene akupita, ndipo tinamutsatira chothamanga.

Tinafika chitseko chitatsekedwa kale. Tinaima panja ngati anthu odikira zotsatira za mayeso. Patapita kanthawi tinamva madzi akugujumuka mwamphamvu, kachitsulo kaja kanati kho, ndipo Kamphepo anatuluka akuyenda mwachifatse. Anasamba m'manja pampopi, kenako anatembenuka kutionetsa kumbuyo kwa kabudula wake. Anali wouma gwa.

"Amayi, ndafika nthawi yake," anatero. Kenako anakumbukira zina. "Kodi mpikisano uja ndawina?"

Ndinamunyamula mwachimwemwe ngakhale ndi wolemera. Nditacheuka ndinapeza amuna anga atatsamira khoma la chimbudzi chija, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Abambo ake, mukudonthatu."

Anapukuta ndi mkono wa malaya, koma ina inabweranso.

"Imeneyi isiyeni, mayi a Kamphepo," anatero. "Si yofunika kutseka."