Nsalu Yakuda ya Pangodya

Panali chinthu chimene Kachete sanauze munthu, ngakhale mayi ake omubereka: amene anadula nsalu yakuda ija anali iyeyo.

Dzina lakuti Kachete anam'patsa kusukulu, poti akafunsidwa funso ankayankhira m'kolala ya yunifolomu. Chimalizireni mayeso, ntchito zake zinali ziwiri basi, kuweta anapiye kuseri kwa nyumba ndi kukapereka nkhomaliro kwa bambo ake. Bambowo anali kapitawo pamalo omangapo nyumba yosanja, pamtunda wotsetsereka. Kumunsi kwake kunali msewu ndi timashopu.

Asanalole kuti fosholo ikhudze pansi, a khonsolo anafuna pulani yosonyeza mmene dothi lidzatchingidwire mvula ikadzabwera. Bambo ake anaitsatira mzere ndi mzere. Pageti anathira miyala kuti matayala a malole azisiya matope pomwepo, ndipo milu ya dothi anaifunditsa. M'malire onse akumunsi anakhoma zikhomo n'kumangirira nsalu yakuda, m'mphepete mwake atakwirira pansi, kuti madzi azidutsa koma matope azitsala.

Kachete ankangoiyesa mpanda wobisa zinyalala. Denga la khola la anapiye linkadontha, ndiye Lachinayi lina anabisa sizasi pansi pa mbale za nkhomaliro. Anasankha ngodya yakumunsi kwenikweni, kuseri kwa mulu wa njerwa, poti kumeneko sikunkafika munthu. Anadula yongokwanira khola, n'kuipindira m'chikwama. Sanadziwe kuti madzi a malo onsewo amakumana pangodya imeneyo.

Loweruka masana kunagwa chimvula cha ola limodzi lokha. Matope ofiira anatulukira pompo, anazula zikhomo, n'kukwirira nsalu yotsala moti podulidwa sipanaonekenso. Anatseka ngalande yamumsewu, kenako n'kulowa m'shopu ya telala mpaka kulekeza m'akakolo.

Lolemba, pamene Kachete ankafika ndi chakudya, anapeza telalayo ali pageti, atanyamula diresi m'mwamba ngati mbendera.

"Akapitawo, taonani ntchito yanu! Diresi la ukwati ili, linali loyera. Mkwatibwi ndikamuuze kuti chaka chino anthu akukwatiwira mtundu wa chulu?"

Amisiri anaseka chakumbali. Bambo ake sanaseke. Anali atavula chipewa pamaso pa mayi wa ku khonsolo, amene anaima m'matope ndi majombo, pulani ili m'manja.

"Pulani yanu ndi yabwino, bambo, ndinaisayina ndine," anatero mayiyo mosakweza mawu. "Koma pangodya apa nsalu palibe."

"Ndinamanga, mayi."

"Nanga ili kuti?"

Bambo ake anayang'ana pansi, anayang'ana njerwa, n'kukanda m'mutu. Mayiyo anati ntchito iime kaye, ndipo pofika Lachitatu pakhale kalata yofotokoza chimene chinachitika. Mwini nyumbayo, amene anamvera zonse ali m'galimoto, anatsitsa galasi n'kunena kuti ikakhala mphwayi, kapitawo akasake kwina. Kachete anasiya mbale pathumba la simenti n'kubwerera.

Lachiwiri madzulo dzuwa lisanalowe, bambo ake anakhala patebulo, pulani atayitambasula, mbali ina ataipsinja ndi kapu. Mayi ake ankasita pafupi ndi zenera. Bambowo anakodola Kachete, mwana wawo wamkaziyo.

"Mayi wanga, tabwera ndi cholembera. Iwe zilembo zako n'zooneka, zanga zimakhala ngati padutsa nkhuku."

Kachete anakhala. Aka kanali koyamba kuiona pulaniyo chapafupi. Timivi tabuluu tonse tinkaloza kumodzi, ndipo ngodya ija inali itazunguliridwa ndi inki yofiira.

"Bwanji osafunsa mlonda?" anatero mayi ake. "Amagona ngati walipiridwira tulo."

"Musam'namizire mkulu uja. Munthu angabe nsalu n'kusiya simenti?" Anapukuta kumaso ndi dzanja. "Lemba, mwanawe. Ine, kapitawo, ndikuvomera kuti ngodya yakumunsi ndinaiiwala."

Mayi ake anaimika simbi. "Mukasayina zimenezo ntchito yatha, abambo ake mwana. Paja dzulo mumati munamanga?"

"Ndimaona ngati ndinamanga. Ndikukumbuka nyundo, ndikukumbuka ndikudzitema chala. Koma mwezi watha si ndinasaka tepi yoyezera tsiku lonse ili m'thumba? Mutuwu wayamba kuchucha, mayi. Zaka makumi awiri sindinathirepo matope pakhomo pa munthu. Ngati ndafika poiwala ngodya, bola anyamata atenge malo ndisanagwetsere anthu khoma."

Ananena akumwetulira, n'kumukankhira Kachete pepala.

Kachete analemba deti. Analemba "Ine, kapitawo," cholembera n'kuima. Moyo wake wonse kukhala chete kunkamupulumutsa, aphunzitsi ankatopa n'kuloza wina. Apa panalibe wina womuloza. Bambo ake ankangomudikira moleza mtima, akuyesa kuti mwana wasowa sipelo.

"Lavuta ndi liwu liti? Kuvomera?"

Kachete anaika cholembera pansi. Mawu oyamba anatulukira m'kolala monga mwa masiku onse, moti bambo ake anatchera khutu.

"Wati bwanji, mayi wanga?"

Kachete anadzutsa mutu.

"Simunaiwale, ababa. Munamanga. Ndinadula ndine."